PHIRI LA MOTO LIMENE LINABADWA PANSI PA NYANJA

Pa Sondo, 11 November 2018, dzuwa litatsala pang'ono kufika pa liwombo, nthaka ya Lusaka inanjenjemera kwa mphindi zoposa 20. Anthu oturuka m'machalichi ku Kabwata ndi ku Chelstone sanamve kanthu, ndipo ku Woodlands sikunagwe ngakhale mbale imodzi, pakuti kunjenjemerako kunali kwapang'onopang'ono, kosamveka m'thupi la munthu. Koma makina olemba zibvomezi a m'Zambia, a ku Kenya ndi a ku Ethiopia anakulemba, ndiponso ena akutali ku Chile ndi ku Hawaii. Akatswiri atalondola kumene kunacokera, anapeza kuti ndi kufupi ndi Mayotte, cisumbu colamulidwa ndi Afalansa, ciri m'nyanja yamcere pakati pa Mozambique ndi Madagascar.

Kumeneko zibvomezi zinali zitayamba kale pa 10 May caka comweco, koma panyanja panalibe utsi kapena moto woti nkuulula cifukwa cace. Amene anathandiza ndiwo masetilaiti, makina amene anthu anaponya kumwamba kuti azizungulira dziko usana ndi usiku. Ena a iwo ndi a GPS, omwe aja amene asonyeza woyendetsa takisi njira ya ku Kabulonga. Pa Mayotte pali zipangizo zokhazikika pansi zimene zilandira mau a masetilaiti amenewa, nizidziwa pamene ziri mpaka pa sentimita. Kuyambira mwezi wa July zipangizozo zinasonyeza cinthu codabwitsa: cisumbu conse cinali kusendera kum'mawa ndi kutsika. Potsiriza cinasendera masentimita oposa 20, nicitsika masentimita 10 kwina, kwina mpaka 19.

Munthu wa pa mgodi safuna kumfotokozera zambiri pamenepa. Adziwa kuti mwala ukacotsedwa wambiri pansi, nthaka ya pamwamba imatitimira. Momwemonso pansi pa Mayotte panali nkhokwe ya miyala yosungunuka ndi moto, ndipo nkhokweyo inali kukhuthukira kwina. Mu May 2019 combo ca Afalansa cochedwa Marion Dufresne cinapeza kumene inali kukhuthukira. Pa mtunda wa makilomita 50 kum'mawa kwa cisumbu, pafupifupi monga kucokera pa Cairo Road kukafika ku Kafue, panali phiri latsopano lotalika mamita 820, ndiko kunena nyumba ya Findeco itasanjikizidwa kasanu ndi kanai. Linamera pansi pa madzi akuya mamita 3,500, kuya kumene mgodi uli wonse wa ku Copperbelt sunafikeko. Analicha Fani Maoré.

Nanga madzi anatani? Akatswiri a m'combo anatunga madzi a pansi, nawapeza ali ndi mpweya wocokera m'phiri, monga carbon dioxide ndi methane, ndiponso ali ndi asidi woposa wa masiku onse. Kuciyambi kwa 2019 asodzi a ku Mayotte anali atapeza nsomba za m'madzi akuya zitafa, ziri kuyandama. Zonsezi setilaiti yojambula zithunzi siinazione, cifukwa diso lace sililowa m'madzi akuya. Liona pamwamba pokha.

Phiri likakhala pa madzi osaya, nkhani isintha, pakuti nyanja yokha imaliulula ndi maonekedwe ace. Madzi otentha oturuka m'phiri amadza ndi citsulo, aluminiyamu ndi zina zosungunuka, ndipo pokomana ndi madzi ozizira a m'nyanja zimaundana nizisanduka matope osalala oyandama. Pamene pacuruka citsulo madzi amafiirira ngati dzimbiri. Pamene pacuruka aluminiyamu amayera ngati mkaka. Ogwira nchito pa mgodi, amene azindikira mkuwa poona kubiriwira kwa mwala, sadzadabwa kumva kuti akatswiri a ku Japan ayesa kuwerenga mankhwala a m'madzi poona mtundu wace pa cithunzi, kuzungulira cisumbu ca Nishinoshima. Njira imeneyi iri ndi phindu lalikuru, pakuti kutumiza combo pamwamba pa phiri lokwiya ndiko kuika miyoyo ya amalinyero paciswe. Mu May 2022 setilaiti ya Amereka yochedwa Landsat 9 inajambula madzi osandulika otere pamwamba pa phiri la Kavachi ku Solomon Islands. Bvuto lace ndi mitambo: tsiku la mvula cithunzi cisonyeza mtambo basi.

Kudziwiratu kuli kofunika makamaka kwa asodzi. Mu August 2021 phiri la pansi pa nyanja lochedwa Fukutoku-Okanoba, kumwera kwa Japan, linalabvula miyala yodzala ndi timabowo, yopepuka kotero kuti iyandama. Masetilaiti anatsata miyalayo m'mene inali kutengedwa ndi madzi mtunda woposa makilomita 1,000. Mu October inafika ku Okinawa, nidzaza madooko, niononga mainjini a ngalawa, ndipo nsomba zowetedwa m'makola a m'nyanja zinaimeza ngati cakudya, nizifa.