Milomo kwina, mau kwina

Mukakwera basi m'mawa pa Kulima Tower kapena pa Lumumba, yang'anani ku mipando ya kumbuyo. Uyu ali pa TikTok, uyo akuonerera m'busa wa ku Matero pa Facebook Live, winayo akubwereza vidiyo ya kitchen party ya pa Ciweru. Kawiri-kawiri mumaona zodabwitsa. Woimba watseka kale pakamwa koma nyimbo ikali kumveka, kapena "Amen" wamveka m'busa asanatsegule milomo.

Mu basi timaseka cabe. Koma mwezi watha ine sin'naseke. Kwathu kunali maliro, ndipo azakhali amene akhala ku Johannesburg analephera kubwera. Tinasonkha ndalama n'kuitana mnyamata wa kamera kuti aziulutsa mwambo wonse. Poyamba zinali bwino. Pofika kumanda, mau anali atathamanga kutsogolo, cithunzi cikutsalira. Azakhali anamva pemphero lomaliza bokosi likali pamwamba pa dzenje. Usiku anaimba foni akulira, ndipo banja linakana kumalizitsa malipiro a mnyamata uja. Onse awiri anataya kanthu tsiku limenelo.

Manje cimacititsa n'ciani? Mau ndi cithunzi zimayenda njira zosiyana, ngati mabasi awiri ocoka pa siteshoni imodzi, ina yodzera Great East Road, ina yodzera m'makomboni. Cithunzi n'colemera. Kamera ndi kompyuta zimatenga nthawi kucikonza, pomwe mau ocokera ku mixer pa waya amafika msanga. N'cifukwa cake pa live zambiri mau ndiwo amatsogola. Ndipo munthu amakhumudwa msanga mau akatsogola kusiyana ndi akacedwa, kaili tinazolowera kuona mphezi tisanamve kugunda kwake.

Cina ndi mtunda. Mau amayenda pafupi-fupi mamita 340 pa sekondi. Mukaima kumbuyo kwa chechi cacikulu, mamita 34 kucoka pa sipika, n'kukoka cithunzi ndi zoom, mau afika mocedwa ndi ma millisecond 100. Cioneka cocepa, koma diso limagwira. Bluetooth nayo imaonjezera kucedwa kwake.

Mankhwala oyamba ndi aulere: kuomba m'manja. Mwambo usanayambe, wina aime kutsogolo kwa kamera, pafupi ndi maikolofoni, aombe m'manja kamodzi mwamphamvu. Jambulani, kenaka muonerere pang'ono-pang'ono. Pamene manja akumana m'pamene phokoso liyenera kumveka. Kabolodi kamene amamenya opanga mafilimu kamagwira nchito yomweyi.

Ngati muulutsa ndi OBS Studio, pulogalamu yaulere imene acinyamata ambiri a ma live amagwiritsa nchito, lowani pa Advanced Audio Properties. Pali malo olembedwa Sync Offset. Mau akatsogola, ikani nambala yowacedwetsa. Yambani ndi 200, ombaninso m'manja, muonjezere kapena mucepetse mpaka zikumane. Kamera ya mafulemu 25 pa sekondi imapereka fulemu imodzi pa ma millisecond 40 alionse, conco mukawerenga kuti cithunzi catsalira ndi mafulemu asanu, nambala yanu ndi 200.

Vuto la pa maliro athu linali la mtundu wina, lija loyamba bwino n'kumakula nthawi ikamapita. Pamenepo Sync Offset siithandiza, cifukwa kusiyanako sikuima pamodzi. Nthawi zambiri gwero lake ndi sample rate. Cipangizo cimodzi cili pa 44.1 kHz, cina pa 48 kHz, ndiye zikuwerenga nthawi mosiyana. Ikani zonse pa 48 kHz, ndiyo ya vidiyo. Laputopu ikalemedwa kapena foni ikapsa ndi dzuwa la mu October, imayamba kutaya mafulemu. Tsekani mapulogalamu ena, ikani foni pamthunzi, ndipo tsitsani cithunzi cifike pa 720p. Netiweki ya kumanda si ya mu Cairo Road. Cithunzi cocepa coyenda bwino cimaposa ca HD codumpha-dumpha.

Nanga amene munajambula kale ndi foni? Mafoni ambiri amasintha-sintha liwiro la mafulemu, maka-maka pamalo a mdima, ndipo mukaika vidiyo yotere mu pulogalamu yodulira, mau amasokonekera. Pulogalamu yaulere ya HandBrake imakonza zimenezi mukasankha Constant Framerate. Mu CapCut mungathe kupatula mau ku cithunzi n'kuwakoka ndi cala mpaka agwirizane ndi milomo. Wofuna kungoonerera pa kompyuta atsegule vidiyo mu VLC n'kudina J kapena K. Kudina kulikonse kumasuntha mau ndi ma millisecond 50.

Inunso apaulendo, musanatukwane wojambula, cotsani tumahedifoni twa Bluetooth tuja munagula mu Katondo Street, mumvetsere pa sipika ya foni. Ngati milomo yagwirizana ndi mau, mlandu ni wa tumahedifonito. Ngati zikali zosiyana, tsekani vidiyo n'kutsegulanso, cifukwa nthawi zina netiweki ndiyo imadukiza basi ikamadutsa malo ovuta.

Ma live asanduka nchito yeni-yeni mu Lusaka. Pa maukwati, pa cilanga mulilo, m'machechi ndi pamaliro, pali mnyamata amene lendi yake ikucokera m'kamera. Amene akuonerera ali ku London kapena ku Johannesburg alibe njira ina yokhalira pamodzi ndi abale ao, ndipo maliro sabwerezedwa. Conco mukamalemba wojambula, musamufunse mtengo wokha. Muuzeni afike ola limodzi mwambo usanayambe, aombe m'manja pamaso panu, ndipo wacibale mmodzi aonerere pa foni ina ali panja pa tenti. Muuzeninso asunge kope mu kamera momwemo, kuti live ikavuta, azakhali adzalandire vidiyo yokonzedwa bwino.