Agulugufe a pa babu: timapha olakwika

Mvula yoyamba ikangogwa, babu la pakhonde limadzaza ndi agulugufe ausiku, ndipo m'mawa mwake ambirife timangowasesera kudzala. Ana timawaletsa kuwagwira, ati fumbi la pamapiko likalowa m'maso munthu amachita khungu. Fumbilo ndi timamba toyalana pa phiko, tomwe timapatsa gulugufe mtundu wake. Likalowa m'diso limanyerenyetsa monga chitsotso china chilichonse, ndipo kusukusula n'kokwanira. Woyenera kumuopa ndi chiyabwe, amene ubweya wake umatupitsadi khungu.

Za kadziotche timati amakonda moto mpaka kudziphetsa. Ofufuza ena amene anajambula tizilomboti ndi makamera othamanga kwambiri anafalitsa zomwe anapeza mu 2024: kachilombo kakamauluka kamalozetsa msana komwe kuli kuwala, chifukwa kuthengo kowala ndi kumwamba. Babu likakhala pafupi, kamapendekera msana kubabuko, n'kumangozungulira osatha kuchokapo. Si chikondi, wasokonezeka.

Nkhani yaikulu ili pa mbozi. Alipo amene amati matondo amagwa ndi mvula, ena amati amangotuluka mumtengo nyengo yake ikakwana. Funsani odya matondo khumi kuti mayi wake amaoneka bwanji, ambiri angoseka. Komatu mayiyo amabwera pakhonde. Ndi gulugufe wamkulu, wofika masentimita 10 kapena kupitirira akatambasula mapiko, ndipo mapiko akumbuyo ali ndi madontho ooneka ngati maso, oopsezera mbalame. Ku Kasungu, komwe anthu oyandikana ndi nkhalango yotetezedwa akhala akuloledwa kulowa kukatola mbozi, mitundu yodziwika ndi Gynanisa maja ndi Gonimbrasia belina. Mbozi ikakhuta masamba imatsika, n'kudzikwirira m'nthaka, n'kugona momwemo miyezi yambiri. Gulugufe wotulukamo alibe pakamwa podyera. Amakhala masiku ochepa, ntchito yake kukwerana ndi kuikira mazira basi. Wamphongo mumam'dziwira nyanga zotambalala zaubweya, zomwe amanunkhizira wamkazi ali patali. Tsono amene amagwetsa mtengo kuti atole msanga, kapena kukokolola zonse osasiyako zolowa pansi, wadya ndiwo za chaka chamawa, ndipo asadzanamizire mvula.

Pa ntchemberezandonda chikhulupiriro cha mvula chili ndi kachoonadi pang'ono. Agulugufe ake amauluka ndi mphepo usiku, ndipo mphepo zobweretsa mvula zimawaunjika malo amodzi, komwe amaikira mazira pa udzu wongophuka kumene. Mbozi zikaonekera mwadzidzidzi, munthu angati zagwa kumwamba. Mtundu wina wa mbozizi, wochokera ku America, unapezeka mu Africa mu 2016, ndipo pofika Disembala 2017 boma la Malawi linalengeza kuti maboma 20 ali pangozi chifukwa cha iwo. Gulugufe wake sachititsa chidwi n'komwe: wotuwa moderako, masentimita 3 kapena 4, mapiko akumbuyo oyera. Wamkazi mmodzi amatha kuikira mazira 1,000.

Apa ndi pomwe timalakwitsa. Kakang'ono kotuwako timakasiya, nsapato n'kugwera wamkulu wathupi lonenepa ndi mapiko osongoka, wouluka mwaphokoso, poganiza kuti amaluma. Saluma. Ambiri a mtundu umenewu ali ndi lilime lalitali lotsopera timadzi ta m'maluwa, ndipo ndi iwo amene amanyamula mungu kuchoka pa papaya wamwamuna kupita pa wamkazi kukamada. Mmodzi mwa iwo, wokhala ndi chithunzi cha chigaza pamsana, amalira akagwidwa ndipo amaba uchi mumng'oma, koma maliro sabweretsa. Ngakhale njenjete yoboola majuzi, wodya ulusi ndi mphutsi yake, osati youlukayo.

Kuwasiyanitsa sikulira ndalama. Yanikani nsalu yoyera pachingwe usiku wotentha wopanda mwezi, muunike ndi tochi, mujambule ndi foni aliyense wotera. Yang'anani nyanga: za gulugufe wamasana zimathera ndi kamutu, za wausiku n'zosongoka kapena zaubweya. Mukafuna kudziwa kuti mbozi ya m'munda mwanu ndi mwana wa yani, iikeni m'botolo lokhala ndi dothi pansi, muvundikire ndi kansalu, muziipatsa masamba omwe munaipezapo. Ya m'chimanga imatuluka gulugufe pasanathe mwezi. Ya matondo mutha kuidikira mpaka dzinja linalo.