Kumawa si kwa maliro chabe: nyamulani ana, muimeko pa Great East

Funsani mwana wanu manje manje kuti kumudzi kumaoneka bwanji. Ngati anabadwira mu Chawama, Kanyama kapena Mtendere, azakuuzani kuti ndi kuja kumene anthu amalira, azibambo agona panja pa moto, ndipo aliyense amuuza kuti akhale chete. Si mlandu wake. Ambiri a ife timakwera Great East Road pokhapo foni ikalira usiku kuti wina watisiya. Tikwera basi pa Intercity, tigona njira yonse, tiika maliro, pa Sondo tabwerera kuti Mande tipezeke pa nchito. Ambuya amene akali moyo aona adzukulu ao kamodzi pa zaka zitatu, pakati pa misozi, ngakhale maina osawagwira bwino.

Pitani ambuya akali kuseka. Ndipo njira musaigone, chifukwa pa makilomita pafupifupi 570 a pakati pa Lusaka ndi Chipata pali zinthu zimene ana anu amaziona pa TV chabe.

Nkhani ya motoka isakuopseni. M'banja lililonse muli mulamu mmodzi wa ka Noah kapena Sienta. Khalani naye pansi, muwerenge mafuta opita ndi obwera, muikepo ya ma toll gate monga ya pa Chongwe ndi pa Katete, mugawane. Ngati muli mu chilimba, pemphani kuti mwezi wanu ugwere pafupi ndi ulendo. Koma ndalama isonkhedwe musananyamuke. Uja wonena kuti "nizakutumila pa foni tikafika" mumudziwa kale, ndipo abale ambiri analeka kukambitsana chifukwa cha mafuta a ulendo wobwerera. Motoka ipite kwa makanika, aone mabuleki ndi matayala, sipeya ikhale ndi mphepo. Nyamukani 05 hours, kuti mapiri muwadutse kukali kowala.

Mukapitirira Chongwe, musanakwanitse makilomita 100 kuchoka mu tauni, pali Chinyunyu, pamene madzi otentha atuluka pansi okha, pafupi ndi mseu. Anthu ambiri adutsapo kakhumi osadziwa. Imani. M'mawa kukazizira nthunzi ioneka bwino, ndipo mwana amene azolowera kuti madzi otentha achokera pa mbaula azakufunsani mafunso mpaka ku Rufunsa. Mugwireni dzanja, chifukwa pamene madzi atulukira ndi potentha zoona.

Kuchoka apo mseu uyamba kukhota. Mapiri a Manenekela ndi okongola maningi, mitengo kudzaza mbali zonse, anyani kukhala m'mbali mwa tala monga alonda. Ndi pamenenso anthu ambiri anataya moyo. Apa woyendetsa asiye foni, asiye kupikisana ndi mathiraki, ndipo imwe okhala kumbuyo lekani kumuuza kuti tachedwa. Ngati panjira pali amene anaika ka botolo mu cooler box, kamudikire kumudzi. Anyani nawo musawaponyere chakudya.

Mukatsika mapiri mumva mphepo yasintha, kwayamba kutentha. Mwafika pa Luangwa Bridge. Musanafike pa ulalo pali msika, ndipo fungo la nsomba zouma likulandirani musanatsegule chitseko. Pali madengu, mphasa, zipewa zoluka, nsomba zokazinga, ndi masau nthawi yake ikakwana. Apa ndiye podyera, potambasulira miyendo ndi pogulira ambuya ndiwo. Kambani mtengo, koma osapondereza amai amene akhala pa dzuwa lija tsiku lonse kwa K5 imene mu Lusaka mumataya pa bundle. Amene mufuna kuyenda pa Khisimasi kumbukirani kuti kuyambira 1 December mpaka kutha kwa February boma limaletsa kugwira nsomba m'mitsinje yambiri, choncho funsani musanadzaze buti.

Ulalo weniweni anautsegula mu 1968, ndipo ukaudutsa wachoka mu chigawo cha Lusaka, walowa Kumawa. Pali asilikali olonda, ndiye selfie isakuthamangitseni osapempha. Auzeni ana ayang'ane pansi: mtsinje umenewo upita kukathira mu Zambezi ku boma la Luangwa, kumene akulu amati Feira, pamene Zambia, Mozambique ndi Zimbabwe ayang'anizana. Ndi phunziro la Social Studies limene sazaiwala.

Pa Nyimba gulani nthochi, palibe zokambirana. Kuyambira apo mpaka Petauke muli kwa Ansenga, ndipo wina akakufunsani kuti "muli tyani" musayang'ane kumbali monga simunamve. Sinda, kenaka Katete, kwa Achewa, kumene mwambo wa Kulamba uchitikira ku Mkaika kumapeto kwa August pamaso pa Kalonga Gawa Undi. Mukakumana ndi gule panjira, patukani mwaulemu, foni ikhale m'thumba mpaka eni ake akuloleni. Amene kwanu ndi kwa Angoni mudziwa kale kuti February ndi wa Nc'wala ku Mtenguleni, ndipo nthawi imeneyo malo ogona mu Chipata amavuta.

Manje nkhani ya kufika, chifukwa apa ndi pamene a mu tauni timagwera. Osafika manja lende. Shuga, saladi, mchere, sopo, machesi, chitenje cha ambuya, buledi wa ana a pamudzi: si zodula, koma zikamba zambiri. Ana aphunzitseni mukali mu motoka kugwada ndi kuomba m'manja popereka moni. "Hi granny" isiyeni pa Chongwe. Ndipo imwe akulu, lekani kuzungulira mudzi foni ili m'mwamba kufunafuna netiweki, kapena kuyamba nkhani ya malire a munda tsiku loyamba. Nkhuku izaphedwa chifukwa cha inu. Idyani, yamikirani, ndipo ngati amalume abweretsa mbeba, mwana alawe yekha asanamve maganizo anu.

Chimene mwabwerera chichitika madzulo. Khalani pa mphasa, ambuya afotokoze kuti atate ao anali ndani, mudzi unachokera kuti, dzina la mwana wanu linali la yani. Pempani chilolezo, mutsegule rekoda ya pa foni. Zinthu izi sizili pa Google, zili m'mutu mwa munthu mmodzi amene miyendo yayamba kale kumuvuta. M'mawa ana apite kudimba, aone kuti nshawa zikumbidwa pansi, athamangitse mbuzi, adetse zovala. Usiku aturutseni panja ayang'ane kumwamba. Mdima wa kumudzi si uja wa malaiti akapita mu komboni, uli ndi nyenyezi zake.

Ngati thumba lilola, onjezerani tsiku limodzi. Kuchoka pa Chipata kupita ku Mfuwe ndi makilomita pafupifupi 130 pa tala, ndipo kumeneko ndi khomo la South Luangwa National Park, imene inakhala paki mu 1972. Azungu alipira ndalama zambiri kuuluka kuchokera kutali kuti aone njobvu, mvuu, nyalugwe ndi nyamalikiti wa mtundu wa Thornicroft amene sapezeka kwina kulikonse koma m'chigwa cha Luangwa. Ife eni ake timati ndi za alendo. Koma mzika ya Zambia ilipira mtengo wotsika pa geti, nyamulani chabe NRC. Ngakhale pa ulalo wolowera mu paki mungaone mvuu ndi ng'ona mu mtsinje. Nthawi yabwino ndi ya chilimwe, June mpaka October, pamene nyama zisonkhana ku madzi, ngakhale kuti October wa kuchigwa atentha moti mungadane ndi amene anakuitanani. Mu paki osatuluka mu motoka, njobvu ikatseka njira zimani phokoso mudikire, ndipo neti ya udzudzu ikhale m'chola, chifukwa malungo sasankha kuti uyu ndi wa mu Lusaka.

Pobwerera buti izakhala yolemera kuposa popita: nshawa, kandolo, maungu, thumba la chimanga, mwina ndi nkhuku yamoyo yomangidwa miyendo imene ambuya apatsa kamdzukulu kotsiriza. Musakane, koma onani kuti motoka siinakhale pansi kumbuyo, chifukwa Manenekela akali kukudikirani. Tsazikani usiku, munyamuke m'mamawa, ndipo siyani malo pang'ono a nthochi za pa Nyimba.