"Sikomo" wa pa Liwonde si Chichewa cholakwika

Mukatsika minibasi pa Liwonde, chakufupi ndi mlatho wa pa Shire, makutu amadzaza msanga. Uku kondakitala akukuwa za Mangochi, uko wina akuitanira a ku Ntaja. Mukagula nsomba, mayi wachikulire amalandira ndalama yanu nʼkunena kuti: "Sikomo kwejinji."

Ambiri a ife tikamva "sikomo" timaseka. Ena amatsanzira mʼtimavidiyo ta pa TikTok, ati Ayao lilime ndi lolemera. Mwana wa ku Machinga akasekedwa kawiri kusekondale, amayamba kuluma lilime, mwinanso kubisa kumene kuti kwawo amayankhula Chiyao. Koma kodi mayi uja walakwitsa chiyani? Palibe. Akutsata malamulo a chiyankhulo chake, ndipo malamulowo ndi osavuta kuwaona.

Loyamba ndi ili: mʼmawu ake enieni, Chiyao chilibe z. Pomwe Mchewa amati mbuzi, Myao amati mbusi. Mwezi ndi mwesi, mudzi ndi musi, madzi ndi mesi. Munthu amene wakula osatchula z, akakumana nayo amatenga liwu loyandikana nalo, lomwe ndi s. Nafenso Achewa timachita zomwezo ndi Chingerezi. Paja r ndi l zimatisokoneza mpaka pa interview, eti?

Lachiwiri mutha kuliyesa pomwe mulipo. Ikani dzanja patsogolo pa pakamwa, munene kuti "nkhuku". Mumva kampweya kakuomba dzanjalo. Tsopano nenani "nguku", momwe amanenera pa Chiyao. Kampweya kaja kasowa, mʼmalo mwake pakhosi pakunjenjemera. Zili chonchi chifukwa pa Chiyao p, t ndi k zikabwera pambuyo pa m kapena n zimasanduka b, d ndi g. Nʼchifukwa chake munthu ndi mundu, mphepo ndi mbepo. Lamuloli likugwirabe ntchito tsiku ndi tsiku: "tikufuna" ndi tukusaka, koma "ndikufuna" ndi ngusaka. K uja wasanduka g chifukwa cha n woimira "ine".

Lachitatu ndi lomwe khutu la Mchewa limaphonya. Pa Chiyao, kukoka liwu kumasintha tanthauzo. Katswiri wa ziyankhulo wa ku Mozambique, Armindo Ngunga, yemwe anafufuza kwambiri Chiyao, anaonetsa mawu apawiri ngati soma, kulasa, ndi sooma, kuwerenga. Mukafupikitsa pofunika kukoka, mwalasa munthu mmalo mowerenga kalata yake.

Ndiye pali ŵ, ka w kovala chipewa, komwe kali mʼmawu ngati ŵandu, anthu, ndi lyuŵa, dzuwa. Kameneka kamatchulidwa milomo itangoyandikana, osaizunguliza. Ndi komwe kaja kamalembedwa mʼdzina la Malaŵi. Pa WhatsApp ambiri amangolemba w wamba poti pa foni sikaoneka msanga, ndipo mawu okoka aja sawasiyanitsa nʼkomwe. Mwayi wake, voice note siinama: agogo akatumiza uthenga wa mawu, zonsezi zimamveka bwinobwino.

Manyazi amene ana ambiri ali nawo sanagwe kumwamba. Mu 1968 Chichewa chinasankhidwa kukhala chiyankhulo cha dziko pambali pa Chingerezi, ndipo kwa zaka zambiri wailesi ya MBC sinkaulutsa mʼChiyao. Nkhani za mʼChiyao zinayamba kumveka pa wailesiyi mʼma 1990, ulamuliro wa zipani zambiri utabwera. Komatu Chiyao chinalembedwa kalekale. Yohanna Abdallah analemba mbiri ya Ayao mʼChiyao, yomwe inatuluka mu 1919, ndipo George Meredith Sanderson anatulutsa dikishonale ya Chiyao mu 1954. Masiku ano Centre for Language Studies ya University of Malawi ku Zomba ndi yomwe yakhala ikukonza kalembedwe kake.

Kalembera wa 2018 anapeza kuti Ayao ndi anthu pafupifupi 13 pa 100 aliwonse mʼdziko muno, kuposa 2 miliyoni. Yerekezani ndi Tigak, chiyankhulo cha pachilumba cha New Ireland ku Papua New Guinea, chomwe chimayankhulidwa ndi anthu pafupifupi 6,000 okha. Nachonso chili ndi malamulo ake a katchulidwe, ndipo Clive Beaumont anawafotokoza mʼbuku lomwe linatuluka mu 1979. Ngati chiyankhulo cha anthu ongodzaza mbali imodzi ya Bingu Stadium chili ndi dongosolo loyenera buku lathunthu, nanga Chiyao tingachitche bwanji Chichewa chopotoka?

Chiwerengero pachokha sichiteteza chiyankhulo. Chimafa pamene mayi asiya kuchiyankhula kwa mwana wake poopa kuti akamuseka kusukulu. Mwanayo akakula amamva agogo ake koma kuwayankha amayankha mʼChichewa, ndipo mdzukulu sadzamva nʼkomwe.

Tsono ulendo wina mukadzaima pa Liwonde, mayi uja akadzati "sikomo", musadzamukonze. Mudzamufunse kuti "Ali uli?" Mukadzalakwitsa katchulidwe, adzaseka ndi iyeyo, kenako adzakuphunzitsani.