Anali kudziteteza, nanga bwanji akadali pa rimandi?

Munthu akafa pa ndewu ya pamsika, kudepoti kapena kumalo omwera mowa, abale a amene watsala wamoyo amalawirira kupolisi ndi mawu amodzi: "Bwana, mwanayu anali kudziteteza, aliyense anaona." Yankho nalonso limakhala limodzi: "Zimenezo mukanene kukhoti." Amatuluka atakwiya, ena n'kumaganiza kuti wapolisiyo akufuna kangachepe. Pageti pomwepo sipasowa dobadoba wonena kuti amadziwana ndi akuluakulu a pasiteshonipo, mukangomugwira m'manja m'bale wanu agona kunyumba lero. Ndalama imeneyo ikapita yapita. Pa mlandu wakupha munthu mwadala wapolisi alibe mphamvu yopereka belo, ngakhale majisitireti alibe. Wapolisi uja wayankha mwamwano, koma sananame.

Lamulo lenilenilo ndi lalifupi modabwitsa. Gawo 17 la Penal Code, buku la malamulo a milandu yaupandu, limangoti nkhani yoteteza munthu kapena katundu iziweruzidwa potsata mfundo za malamulo a ku England, amene amachokera m'zigamulo za makhoti. Basi. Choncho tsogolo la wakabaza amene wabaya munthu ku Mchesi lili m'zigamulo zakale za majaji a ku London, zolembedwa m'Chingerezi cha maloya. Mukazifinya zigamulozo mumatsala ndi mafunso awiri.

Loyamba, kodi pa nthawi imeneyo panali choopsa chimene chinali pafupi kukugwerani? Munthu amene wakuopsezani kuti "tionana mawa" sanakupatseni ufulu womulondola usiku. Koma amene wasolola mpeni n'kumakuyandikirani simuyenera kumudikira kuti ayambe wakubayani. Pa mlandu wa Beckford mu 1987, wochokera ku Jamaica, majaji a Privy Council anavomereza kuti zikafika pamenepo munthu akhoza kuyamba ndiye kumenya. Ambiri amakhulupiriranso kuti lamulo limafuna muyambe mwathawa. Sizili choncho kwenikweni, ndipo mlandu wa Bird mu 1985 unamveketsa kuti palibe chokukakamizani kuthawa. Komabe jaji adzafunsa ngati njira yochokerapo inalipo. Pamsewu kapena pabwalo la mpira njira zimakhala zambiri, ndipo munthu amene anali ndi mpata wochoka koma anavula shati n'kuima chilili adzavutika kukhutiritsa khoti kuti ndewuyo sankaifuna. Mboni imodzi imene inakumvani mukuti "ndisiyeni, sindikufuna ndewu" imaposa abale khumi odzachitira umboni kuti ndinu munthu wopemphera.

Lachiwiri, kodi mphamvu imene munagwiritsa ntchito inali yolingana ndi choopsacho? Mbama sibwezedwa ndi chikwanje. Kupha kumamveka pokhapokha ngati munkaopa imfa kapena kuvulazidwa koopsa, inuyo kapena munthu wina amene mumamuteteza. Foni yotsomphoredwa, payokha, siifika pamenepo. Lamulo silouma mtima kwenikweni pa mfundoyi. Pa mlandu wa Palmer mu 1971, jaji Lord Morris ananena kuti munthu amene wapanikizika sangayeze nkhonya yake pasikelo, ndipo ngati anachita chimene pa mphindiyo anaona moona mtima kuti n'chofunika, umenewo ndi umboni wamphamvu wakuti sanapyole malire. Koma choopsa chikangotha, ufuluwo nawonso watha, ndipo apa m'pamene anthu ambiri amagwera. Mdani wagwa, mpeni wamupulumuka, kapena watembenuka akuthawa: chilichonse chimene mungamuchite kuyambira pamenepo khoti limachiona ngati kubwezera. Msilikali wa ku Britain, Lee Clegg, anawombera zipolopolo zinayi pa galimoto yobedwa imene inkathamanga ku Belfast mu 1990. Zitatu zoyambazo khoti linazivomereza. Chachinayi, chimene khoti linapeza kuti anawombera galimoto itadutsa kale ndipo chinapha mtsikana amene anakhala kumbuyo, chinamupezetsa wolakwa pa mlandu wakupha mwadala, ndipo khoti la House of Lords linagwirizana nazo mu 1995. Anadzamasuka pa mlanduwo mu 1999 utazengedwanso ndi umboni watsopano wa zipolopolo, koma mfundo ija inatsala: masekondi ochepa amasiyanitsa kudziteteza ndi kupha.

N'chifukwa chake gulu limene lagwira wakuba pamsika n'kumukhoma mpaka kufa silingatchule n'komwe mawu oti kudziteteza. Munthu wogwidwa manja ndi miyendo saopseza aliyense. Wotukwanidwa nayenso sakudziteteza. Kuputidwa kuli ndi magawo akeake, 213 ndi 214, ndipo sikumasula munthu, kumangotsitsa mlandu kuchoka pa kupha mwadala kufika pa kupha mwangozi, komwe chilango chake chachikulu ndi kukhala kundende moyo wonse. Za mowa n'zoipiraipira. Makhoti a ku England anagamula pa mlandu wa O'Grady mu 1987 kuti munthu amene anaona choopsa chomwe panalibe chifukwa choledzera sangabisale kumbuyo kwa kulakwitsa kwakeko. Ndewu zambiri zakupha zimayambira pa botolo, ndiye ganizirani nokha.

Pali mfundo ina yokomera woimbidwa mlandu imene ambiri saidziwa. Si udindo wake kutsimikizira khoti kuti ankadziteteza. Iye akangoonetsa umboni wokwanira kudzutsa nkhaniyo, boma ndi limene liyenera kuigwetsa mosasiya chikayiko, ndipo likalephera munthuyo amatuluka wopanda mlandu uliwonse. Pa pepala n'zokoma. Vuto n'lakuti amene amamva zimenezi ndi jaji wa High Court yekha, chifukwa majisitireti saloledwa kuzenga mlandu wakupha, kaya mwadala kaya mwangozi. Ndipo msewu wochokera m'selo ya polisi kukafika pamaso pa jajiyo ndi umene umadya anthu.

Masiku awiri oyamba ndi amene amamanga kapena kugumula mlandu. Gawo 42 la malamulo oyendetsera dziko limati womangidwa akaonekere kukhoti pasanathe maola 48, auzidwe kuti ali ndi ufulu wokhala chete, komanso aloledwe kuonana ndi loya. Koma sitetimenti imatengedwa munthu asanagone, mantha ali thoo, magazi asanaume pamalaya. Wapolisi amafunsa mwachidule, "Unamubaya kapena sunamubaye?" Munthu woona mtima amati, "Ndinamubaya." Zolembedwa zimathera pomwepo. Zoti malemuyo ndi amene anayamba kusolola mpeni, zoti anamukanikizira kukhoma, sizilowa chifukwa sanafunsidwe, ndipo iye amasaina kapena kudinda chala osawerengeredwa. Gawo 176 la lamulo la kazengedwe ka milandu limalola khoti kulandira sitetimenti yovomera mlandu ngakhale mwini wake atadandaula kuti anachita kuumirizidwa. Jaji amadzaona pambuyo pake ngati ili yoona. Ndiye ngati mwasankha kulankhula, nenani nkhani yonse kuyambira pachiyambi, ndipo musasaine asanakuwerengereni m'chilankhulo chimene mumamva.

Mabala a womangidwayo ndi umboni umene umapola. Chidwi chonse chimakhala pa thupi la malemu, ndipo palibe amene amakumbukira kuti wamoyoyu ali ndi chilonda pamkono chimene anachipeza potchinga mpeni. Abale aumirire kuti apite naye kuchipatala ndipo lipoti lilembedwe, amujambule ndi foni tsiku lomwelo, malaya ong'ambikawo asachapidwe. Mudzauzidwa kuti galimoto ilibe mafuta. Nthawi zambiri zimakhala zoona, ndipo mabanja ambiri amangogula okha mafutawo ngakhale palibe lamulo lowauza kutero. Chida chimene malemu ananyamula chimasowa msanga, chifukwa anzake amachitola apolisi asanafike. Mboni za pagulu nazo n'zoyendayenda: wogulitsa chimanga chootcha, kondakitala, mlonda wa pasitolo. Lero onse akuti anaona, pakatha chaka wina ali ku Joni, wina wasintha nambala, wina sakufunanso zamakhoti. Lembani maina awo, midzi yawo ndi mafumu awo sabata yomweyo, n'kukapereka kwa wofufuza mlanduwo komanso kwa loya.

Kenako pamabwera kudikira. Majisitireti amangomuuza munthu mlandu wake n'kumutumiza ku Maula, Chichiri, Zomba, Mzuzu kapena ndende ya m'boma lake. Doketi iyenera kukwanira, kuphatikizapo lipoti la dokotala amene anapima thupi la malemu, kenako ipite ku ofesi ya mkulu woimira boma pa milandu, DPP. Ofesi imeneyi ndi imene imaona ngati mlandu ukhale wakupha mwadala, utsike, kapena uthetsedwe, pogwiritsa ntchito mphamvu za m'gawo 99 la malamulo oyendetsera dziko. Apa ndi pamene munthu wodziteteza moonekeratu akanamasukira msanga. Koma mukafunsa kupolisi amati doketi inapita, mukafunsa kumene inapitako amati sinafike, ndipo palibe amene amakupatsani kapepala kosonyeza tsiku limene inanyamuka. Funsani nambala ya doketi ndi dzina la wofufuza, muzilembe. Popanda zimenezi mukhala mukufotokoza nkhani yomweyomweyo pawindo lililonse. Chipepeso chimene mabanja awiri angagwirizane kwa amfumu chimaziziritsa mitima, koma sichitseka doketi, chifukwa mwini mlandu ndi boma.

Malamulo amene anasinthidwa mu 2010 anaika malire: woganiziridwa mlandu wakupha asakhale pa rimandi masiku opitirira 90 mlandu usanayambe, ndipo khoti likhoza kuwonjezera masiku osapitirira 30. Aliyense amene analowapo m'ndende zathu, ngakhale kukangoona m'bale, amadziwa kuti muli anthu amene malirewa anawadutsa kalekale. Masikuwo sadziwerenga okha. Pamafunika munthu wokakumbutsa khoti.

Belo ndi yotheka, ndipo mphekesera yoti wakupha sapatsidwa belo ndi yabodza. Pa mlandu wa Fadweck Mvahe mu 2005, Supreme Court inanena kuti ndi boma limene liyenera kuonetsa chifukwa chomusungira munthu m'ndende. Kungoti pempholo limapita ku High Court, ku Blantyre, Lilongwe, Zomba kapena Mzuzu, ndi zikalata zolumbirira zimene munthu wamba sangalembe yekha. Amene alibe ndalama ya loya apite ku Legal Aid Bureau, ndipo apite ndi nambala ija m'manja, akudziwa kuti maloya ake ndi ochepa poyerekeza ndi milandu imene asenza. A PASI, amene amayendera ndende kuthandiza akaidi pa zamalamulo, amathanso kukankha fayilo imene yaiwalika. Belo ikaperekedwa ndalama zimayamba kutuluka mwanjira ina: ya chikole imene khoti lalamula, thiransipoti ya abale omuikira kumbuyo amene ayenera kukaonekera kukhoti ndi ziphaso zawo, ndiponso ulendo wokasaina kupolisi pa masiku oikika mpaka mlandu udzathe. Kwa banja la ku Nsanje kapena Chitipa, zimenezi ndi mbuzi zingapo. Ndalama ya chikole imalipidwa ku ofesi ya khoti ndipo pamakhala lisiti. Yopanda lisiti yalowa m'thumba la munthu.

Tsiku la mlandu likadzafika, woimbidwa mlandu nthawi zambiri amapatsidwa mwayi wovomera kupha mwangozi m'malo mwa kupha mwadala. Mayeserowo ndi aakulu. Kupha mwadala chilango chake chikhoza kufika pa imfa, ngakhale kuti kuyambira pa mlandu wa Kafantayeni mu 2007 jaji sakakamizikanso kupereka chilango chimenechi, ndipo boma silinanyongepo munthu chiyambire 1992. Munthu amene watopa ndi rimandi akamva kuti akavomera, nthawi imene wakhala kale m'ndende ikhoza kuwerengeredwa ndipo mwina atuluka posachedwa, sachedwa kugwedeza mutu. Ngati mboni zinabalalika ndipo mabala aja sanalembedwe, loya wanzeru akhozadi kumulangiza kuti avomere. Koma adziwe chimene akusiya: wovomera kupha mwangozi amatuluka ndi mbiri yoti khoti linamupeza wolakwa, ndipo nkhani yoti anali kudziteteza imangomveka ngati dandaulo lopempha kuti chilango chichepe. Asanayankhe, apemphe loya wake amuwerengere masitetimenti a mboni za boma, chifukwa nthawi zina mboni ya boma yomweyo ndi imene inanena kuti malemu anali ndi mpeni m'manja.