AMAI SHERALD AKWEZA ULEMU WA AKAZI AKUDA NDI UTOTO

Kale m'maiko a ku Ulaya, kujambulidwa cithunzi ca utoto unali mwai wa mafumu ndi anthu acuma. Mkazi wa mfumu anali kubvala zokongola nakhala pa mpando masiku angapo, mmisiri akumjambula, kuti adzukulu adzamdziwe nkhope. Munthu wakuda akaonekamo m'zithunzi zotere, kawirikawiri anali wanchito woimirira pambali.

Amai Amy Sherald, amene anabadwa m'caka ca 1973 mu mzinda wa Columbus ku Georgia, m'dziko la Amereka, atenga luso lakaleli nalipereka kwa anthu wamba akuda. Ambiri amene iwo awajambula ndi anthu amene anakumana nao pa njira. Amawasankhira zobvala, nawajambula ndi kamera, ndipo pambuyo pace amakhala pansi kulemba cithunzico ndi utoto pa nsalu yaikuru. Munthuyo amaima cilili kapena kukhala mwaufumu, maso ace ali pa inu omuona, monga anali kucitira akazi a mafumu aja.

Cinthu codabwitsa ndi khungu. Amai Sherald salipaka utoto wakuda kapena wofiirira ai, koma wotuwa ngati phulusa, pamene zobvala zimawala ndi mitundu yambiri. Kujambula ndi utoto wotuwa ndi njira yakale ya amisiri a ku Ulaya, ndiponso kumakumbutsa zithunzi zakale za kamera zopanda mitundu, zimene mabanja akuda anali kusunga m'nyumba zao. Colinga cao ndi cakuti woona ayambe waona munthu, asanayambe kumuweruza cifukwa ca khungu lace.

M'caka ca 2016 iwo anakhala mkazi woyamba kupambana mpikisano wa Outwin Boochever, ndi cithunzi ca mtsikana wobvala cipewa cofiira, atanyamula kapu yaikuru ya tiyi. Apa nkuti papita zaka zitatu ciwaikire mtima wina m'cipatala, popeza wao unali kudwala.

Pa 12 February 2018, nyumba ya zithunzi ya National Portrait Gallery ku Washington inaonetsa cithunzi ca Amai Michelle Obama, mkazi wa Pulezidenti wakale Barack Obama. Akhala pansi, cibwano cili pa dzanja, atabvala diresi lalitali loyera lamaanga. Maanga amenewa anakumbutsa mmisiriyu zofunda zimene amai akuda a m'mudzi wa Gee's Bend ku Alabama amasoka polumikiza zigamba za nsalu zakutha. Motero nchito ya manja ya amai a kumudzi inalowa m'nyumba imene mumakhala zithunzi za atsogoleri a dziko.

Ena anadandaula kuti nkhopeyo sifanana kwenikweni ndi mwini wace. Komabe anthu anakhamukira kukaciona, kotero kuti akuluakulu a nyumbayo anacisamutsira m'cipinda cacikuru. Amai Obama eni ace ananena kuti anali kuganizira atsikana akuda amene adzafika pamenepo naona munthu wofanana nao pa cipupa.

M'caka ca 2020 Amai Sherald anajambulanso Breonna Taylor, mkazi wa zaka 26 amene apolisi anamuombera m'nyumba mwace ku Louisville. Anamuimika wamoyo, m'diresi lokongola, kuti dziko limkumbukire monga munthu waulemu, osati monga mtembo wa pa mlandu.