Diresi loyera, ma scrubs ndi beseni la kunyumba

Ukalowa m'chipatala chachikulu masiku ano, kaya ndi ku Gulupu ku Blantyre kapena ku Kamuzu Central ku Lilongwe, umapeza anamwino a maonekedwe awiri. Ena ali m'diresi loyera lositidwa bwino, zizindikiro za udindo zili pamapewa, kawotchi kakulendewera pachifuwa. Ena ali m'malaya otakasuka a manja aafupi ndi buluku lomanga ndi chingwe, zabuluu kapena zobiriwira, zimene eni ake amazitcha ma scrubs. Kale zovala zimenezi zinkathera pakhomo la ku fiyeta. Lero zafika ku leba, kuchipinda cha odwala mwakayakaya, ngakhale m'mawodi wamba, ndipo chibwerereni Covid-19 mu 2020 zachulukirachulukira. Achikulire ena akudandaula kuti ulemu wa ntchito wapita, pomwe anamwino achinyamata akuti tsopano akutha kugwira ntchito momasuka.

Ine achikulirewo ndimawamvetsa, ndipo sindikufuna kuwadutsa mothamanga. Yunifolomu ya namwino ili ndi mbiri yaitali. Mizu yake ili m'zovala za amayi otumikira mumpingo, monga a ku Kaiserswerth ku Germany, kumene m'busa Theodor Fliedner anayamba kuphunzitsa amayi kusamalira odwala mu 1836. Florence Nightingale anakaphunzirako kumeneko, ndipo atabwerako ku nkhondo ya ku Crimea anatsegula sukulu ya anamwino pachipatala cha St Thomas' ku London mu 1860. Ophunzira ake ankavala madiresi aatali, epuloni yoyera ndi kachipewa. Cholinga chinali choti anthu aone kuti uyu ndi munthu wophunzitsidwa komanso wodzisunga, popeza nthawi imeneyo kusamalira odwala inali ntchito yonyozeka. Kuno kwathu kavalidweka kanafika ndi amishoni a ku Blantyre, Livingstonia, Nkhoma ndi Likoma, kenako boma linakatengera. Pamene bungwe loyang'anira anamwino ndi azamba linkakhazikitsidwa mu 1966, ndi pamene Kamuzu College of Nursing inkayamba mu 1979, zoyera zinali zitakhazikika kale m'maganizo a aliyense.

Kwa mtsikana wa kumudzi wa zaka zimenezo, diresi loyera linali umboni woti sukulu yapindula. Ntchito zolembedwa zimene mkazi akanazipeza zinali zowerengeka: uphunzitsi, ulembi, unamwino. Mwana akabwera kumudzi ndi chithunzi atavala kachipewa, chithunzicho chinkapachikidwa pabalaza, ndipo alendo ankachionetsedwa asanalandire n'komwe madzi. Ku South Africa n'chimodzimodzi. Cecilia Makiwane, amene anaphunzira ku Lovedale n'kukhala mkazi wakuda woyamba kulembetsedwa ngati namwino m'dzikomo mu 1908, amakumbukiridwa mpaka lero, ndipo chipatala china chachikulu kufupi ndi East London chimatchedwa ndi dzina lake. Choncho namwino wopuma pantchito akamati “ife tinkaopa kukhala pampando wa fumbi”, sakunena za nsalu chabe. Akunena za malo amene iye ndi anzake anadzipezera movutikira pakati pa anthu.

Pali chinanso chimene chimasiyanitsa nkhani yathu ndi ya maiko ena. Kuyambira mu 1973 mpaka 1993, lamulo la kavalidwe m'dziko muno linkaletsa amayi kuvala mabuluku pagulu. M'zaka zomwezo anamwino a ku America anali akuvula madiresi ndi tizipewa, koma kuno funso loti namwino wamkazi avale buluku silikanafunsika n'komwe. Lamulolo linatha, koma maganizo satha tsiku limodzi. Kufikira lero kuli midzi kumene agogo amamuyang'ana kawiri namwino wovala buluku, ndipo kuli anamwino ena amene chifukwa cha chipembedzo kapena kakulidwe kawo samasuka nalo. Amenewa si anthu otsalira ayi, ndipo aliyense wofuna kusintha yunifolomu ayenera kuwaganizira.

Ku America ma scrubs anayambira kuchipinda cha opaleshoni. Poyamba madokotala ankavala zoyera, koma kuwala kwa magetsi pansalu yoyera kunkathobwa m'maso, ndiye anasinthira ku zobiriwira. Pofika zaka za m'ma 1980 ndi 1990 zovalazi zinali zitafalikira m'mawodi, chifukwa n'zotchipa, zosavuta kuchapa, ndiponso zimakwanira amuna ndi akazi omwe. Koma panabuka vuto limene sanaliyembekezere: namwino, wokolopa, wotenga magazi ndi wokankha chikuku onse anayamba kufanana, wodwala osadziwa woti amufunse za mankhwala ake. Zipatala zambiri zinachita kubwerera m'mbuyo pang'ono n'kugawa mitundu, kuti gulu lililonse likhale ndi wake.

Ku Britain, kumene anamwino athu ambiri anapita kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, anayenda njira yapakati. Mu 2007 unduna wa zaumoyo ku England unalamula kuti wogwira odwala asavale kanthu kuchokera m'chigongono kutsika: malaya a manja aatali ayi, wotchi ya pamkono ayi, kuti kusamba m'manja kuzitheka bwino. Mu 2010 Scotland ndi Wales anakhazikitsa yunifolomu imodzi ya dziko lonse, mtundu wa chovala n'kumasonyeza udindo wa munthu, kotero kuti wodwala akasamutsidwa kuchoka chipatala china kupita china sasokonezeka. South Africa inalowera kwina. Mu 2011 nduna ya zaumoyo Aaron Motsoaledi inalimbikitsa kuti anamwino abwerere ku zoyera, poona kuti aliyense ankangovala zimene wakonda. Komabe chimene chimamudziwitsa namwino kumeneko ndi zizindikiro za pamapewa: zofiirira kwa namwino wamkulu wolembetsedwa, ndi timizere ta mitundu tosonyeza maphunziro owonjezera monga uzamba.

Dziko limene landiphunzitsa zambiri pankhaniyi ndi Sweden. Kumeneko malamulo aukhondo amanena zinthu zitatu zosavuta: chovala cha ntchito chikhale cha manja aafupi, chisinthidwe tsiku lililonse, ndipo chivalidwe kuntchito kokha. Namwino amafika ndi zovala zake, amatenga zochapidwa kale pashelefu, ndipo poweruka amaziponya m'thumba la zochapa za chipatala. Mkangano wa diresi ndi buluku kumeneko ulibe mphamvu, chifukwa anayankha kaye funso lalikulu: chovala chimenechi chikachoka pathupi, chikupita kuti, ndipo achapa ndani?

Funso limenelo ndi limene ife timalilumpha. Taganizirani mzamba amene ali yekha usiku pachipatala chaching'ono. Mayi wafika pa kabaza mutu wa mwana ukuoneka kale. Mzamba awerama, agwada, nthawi zina akwera ndi bondo pabedi kuti athandize bwino. Madzi a chiberekero amuthovukira, magazi adontha kudutsa m'mphepete mwa epuloni ya pulasitiki. Mwana akabadwa wosalira, athamanga naye pathebulo kukamuthandiza kupuma. M'diresi lofika m'mawondo, dzanja lina limafuna kumakoka nsalu kuti asaonetse thupi, pomwe manja onse awiri akufunika pantchito. Apa palibe zokambirana zambiri: ku leba, ku fiyeta, kuwodi ya ana ndi kumsasa wa kolera, buluku ndi malaya otakasuka zimaposa diresi kutalitali.

Koma kukacha mzamba uja aweruka. Ngati pachipatalapo palibe chipinda chosinthira, avala juzi pamwamba, kapena amanga chitenje, n'kukwera minibasi atapanikizana ndi anthu anayi pampando umodzi. Pofika pakhomo, mwana wake wamng'ono amuthamangira n'kumukumbatira m'miyendo, nkhope ili pansalu yomwe ija. Kenako yunifolomu ilowa m'beseni limene amachapiramo matewera ndi zovala za kusukulu, m'madzi ozizira, ndi sopo wamtanda ndi kadontho ka jiki ngati alipo. Madzi akasiya kutuluka pampopi, achita kukatunga kumjigo. Nyengo ya dzinja chovala sichiuma, ndiye amachiumitsa ndi nsimbi ya makala, uku akusamala kuti phulusa lisagwere pansalu yoyera. Malangizo a ku England amati kuchapa kwa mphindi 10 m'madzi otentha madigiri 60 kumachotsa pafupifupi tizilombo tonse. Ndi nyumba zingati za anamwino athu zimene zingakwanitse zimenezo tsiku ndi tsiku? Amene ali ndi mayunifolomu awiri okha, mwachidziwikire amabwereza yomweyo mawa lake. Diresi likhoza kuwala mbee ndithu, koma akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere.

Pamenepa ndinene mosabisa kuti ma scrubs paokha sachiritsa vutoli. Nsalu yabuluu imanyamula tizilombo ngati yoyera, ndipo imabisa litsiro limene yoyera ikanaulula. Namwino wovala ma scrubs amene amapita nawo kumsika n'kukachapa m'beseni lomwe lija sanasinthe kanthu, wangosintha mtundu. Ku America komweko ambiri amachapa kunyumba ndipo amaoneka nawo m'masitolo, chizolowezi chimene sitiyenera kutengera. N'zoonanso kuti njira yaikulu imene matenda amafalira m'chipatala ndi manja osasamba, osati zovala. Komabe amene anaona mliri wa kolera wa mu 2022 ndi 2023, umene unapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, amadziwa chifukwa chake pamsasa wa kolera pamakhala madzi a klorini pakhomo, ndi chifukwa chake chovala cha m'katimo sichiyenera kutuluka. Ndipo mu April 2020, pamene anamwino ndi madokotala ananyanyala ntchito pofuna zodzitetezera, chimodzi mwa zimene zinkawadetsa nkhawa chinali kutengera matenda kwa ana awo.

Chimene achikulire akunena zoona ndi nkhani ya kuzindikirika. Gadiyani amene wachezera pabenchi, dilipi ya wodwala wake itasiya kudontha, amatuluka m'khonde kufunafuna munthu wovala zoyera. Akamuona amadziwa chonena: “Anesi, pepani, tabwerani mudzaone mayi anga.” Onse akavala zofanana, amayamba kuitana wokolopa kuti adokotala, kapena kuopa kufunsa aliyense. Baji ya dzina imathandiza, koma si onse amatha kuwerenga, ndipo usiku magetsi atazima tizilembo sitioneka. Palinso choopsa china. Ma scrubs amapezeka pa kaunjika, aliyense akhoza kugula, ndipo nyuzipepala zathu zalembapo kangapo za anthu ogwidwa akunamizira udokotala m'zipatala kuti azidyera odwala ndalama. Kusiya chipatala chilichonse, kapena namwino aliyense, kusankha mtundu wake ndi kutsegulira anthu otere khomo.

Ndiye maganizo anga ndi awa. M'malo onse mmene namwino amakhudza magazi, masanzi ndi chimbudzi, avale ma scrubs a chipatala, osati ake. Zipatala zikuluzikulu zili kale ndi malo ochapira nsalu za pabedi ndi zovala za ku fiyeta. Chofunika ndi kuwakuza, kukonza makina akafa, ndi kupatula chipinda chokhala ndi loko choti anthu azisinthiramo. Pachipatala chaching'ono chopanda magetsi, ngakhale mgolo wowiritsira madzi, klorini ndi chingwe choyanikira kuseri kwa wodi n'zabwino kuposa beseni la kunyumba. Mitundu ikhazikitsidwe ndi unduna pamodzi ndi bungwe la anamwino ndi azamba, ikhale imodzimodzi m'zipatala za boma ndi za mipingo (CHAM) kuyambira ku Chitipa mpaka ku Nsanje, zizindikiro za pamapewa zisachoke, ndipo pakhomo la wodi iliyonse pakhale chithunzi chosonyeza kuti wovala mtundu uwu ndi ndani. Amene safuna buluku apatsidwe siketi yotakasuka ya nsalu yomweyo.

Ndalama zake zisachoke m'thumba la namwino. Malipiro ake ndi omwe aja a lendi, fizi ndi thiransipoti, ndipo kumuuza kuti adzigulire mapeya asanu ndi kumulanga chifukwa chofuna ukhondo. Ma scrubs ndi osavuta kusoka, alibe mabatani kapena zipi, moti matelala a ku Ndirande kapena ku Mchesi akhoza kusoka mazanamazana atapatsidwa oda ndi muyezo umodzi, m'malo moitanitsa kunja.

Diresi loyera lisatayidwe. Kusikelo ya amayi oyembekezera, kumalo olandirira odwala oyendera, m'kalasi, pa mwambo wolumbiritsa ophunzira ndi pa 12 May pokumbukira tsiku la anamwino, malo ake alipo, ndipo amene amalikonda apitirize kulivala monyadira. Kumeneko ntchito yambiri ndi yoyeza, kulangiza ndi kulemba, ndipo chovala chikhoza kufika madzulo chisanakhudze magazi a munthu. Koma nalonso lizivalidwa pofika ndi kuvulidwa poweruka, pachipatala pomwepo.